Chikande cha ku Fairfax

Sendererani kuno, ana inu. Iwe Kevin, tsitsa mapazi pampandopo, ukhale ngati munthu. Tadala, zimitsa TV-yo, anthu akuthamangitsana m'menemowo mawa udzawapeza akuthamangitsanabe. Mphatso, ndipatse malo pafupi ndi windo, ndiziona mitengo. Mwaiona yayamba kutulutsa timasamba ngati makutu a mbewa? Nyengo imeneyi ine sindikhazikika. Amayi anu akuti ndisamatuluke ndekha chifukwa cha bondoli. Chabwino, miyendo amanga, koma pakamwa sanamange. Lero mumva za malo amene ndinawalakwira, ndi mmene ndinawasakira chaka chathunthu kuti ndikaone ngati ndinawapha.

Ine kuno ndinabwera kawiri. Ulendo mukuudziwa inuwu, wodzakusambitsani muli makanda, ndi wachiwiri. Woyamba unali m'zaka za m'ma 1970, amayi anu ali kamtsikana ku Dedza, nditawasiya m'manja mwa mayi anga. Ndinabwera ndi banja la a Kalinde ngati mlezi wa ana. Bambo Kalinde anawatuma kudzagwira ntchito ya boma kwa zaka zowerengeka, kenako n'kubwerera. Tinkakhala ku Arlington, m'nyumba yosanjikizana, pamwamba penipeni, moti akhwangwala ankauluka kumunsi kwathu.

Tinafika m'nyengo yozizira. Nditasuzumira pawindo ndinaona mitengo yonse ili mbee, yopanda ndi tsamba limodzi lomwe. Ndinati, "Kalanga ine, nkhalango yonse yauma chonchi, wotola nkhuni palibe?" Mayi Kalinde anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Siinafe, Nachisale. Yangogona."

Ntchito inali yochepa kwa munthu wokulira pakhasu. Madzi akuchokera m'khoma, moto m'khoma, zovala akuchapa ndi makina. Dzuwa lisanafike paliwombo ndatha zonse, manja ali lende. Ndiye ndinkangoyenda, kuchoka kukhitchini kukafika pawindo, kubwerera, kupitanso. Mtondo panalibe. Mtedza ndinkapera ndi botolo pathabwa, a m'nyumba ya pansi n'kumagogoda denga lawo ndi tsache kuti ndisiye. Inu lero mumangodina batani, vuu, nsinjiro zatheka, koma zosanunkhira. Usatsutse, Mphatso, zamumtondo sunalawepo.

Lachinayi lililonse linali tsiku langa lopuma. Anzanga antchito ankapita m'masitolo kukasirira madiresi. Ine ndinkakwera basi. Iliyonse imene yabwera. Kuwerenga sindidziwa, zimenezo mukuzidziwa, ndiye manambala ndinkawaloweza ndi maonekedwe: iyi ili ngati abakha awiri otsatana, iyi ili ngati chikwakwa. Ndikaona kuti nyumba zayamba kuchepa, mitengo yachuluka, ndinkakoka kachingwe n'kutsika. Pobwerera ndinkaoloka msewu n'kuonetsa dalaivala kapepala kamene Mayi Kalinde anandilembera. Nthawi zina ndinkasintha mabasi atatu ndisanafike pakhomo, koma ndinkafika.

Mnzanga weniweni anali mmodzi, Amake Chanda, wa ku Zambia. Tinakumana kutchalitchi. Ankakhala ku Landover kuno, akugwira ntchito yosamalira odwala pachipatala china, ndipo Chingerezi ankachithyola ngati nkhuni zouma. Chinyanja chake ndiye cha ku Lusaka chija. "Iwe Esnati," ankatero, "uzasoba siku imozi. Muno si mu Dedza. Muno bantu basoba."

"Wosowa ndi amene wakhala pansi," ndinkamuyankha. "Woyenda amafika penapake."

Chisanu chitatha, Lachinayi lina ndinakwera basi ya abakha awiri ija, ndinasintha ina panjira, mpaka ndinapezeka cha ku Fairfax. Musaganize za Fairfax mukuyidziwa inuyi. Nthawi imeneyo mbali zina kunali kudakali minda ndi ng'ombe. Ndinatsika pafupi ndi khola lalikulu lopakidwa penti yofiira. Ndinamva madzi akulira kumunsi, ndinawatsatira.

Mitengo inali isanavale masamba, dzuwa likufika mpaka pansi. Ndipo pansipo, ana inu, m'mbali monse mwa mtsinje munali mutadzaza timasamba tonenepa, tosalala, tobiriwira koma ta mawanga ofiirira. Pakati pake timaluwa tachikasu, titazolika mitu ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

Ndinati, chikande!

Kevin wakwinya nkhope, sakuchidziwa. Chikande ndi timbatata ting'onoting'ono ta maluwa a m'dambo ndi m'mapiri a kwathu. Umatikumba, kutsuka, kusinja, n'kuphika ndi nsinjiro, mchere, tsabola ndi chidulo. Chikazizira chimalimba, umachita kudula ndi mpeni ngati nyama. Ine ndinali nditatha miyezi ndikudya nkhuku zosakoma za m'mapulasitiki. Malovu anadzaza m'kamwa ndili chiimire.

Tsono kukumba chikande kuli ndi lamulo lake, ndipo mayi anga anandiphunzitsa ndili wamng'ono kuposa Mphatso. Umatenga kambatata katsopano kokha. Kakale ndi tsinde lake umabwezera m'dzenje n'kukwirira. Ndipo sukumba pamodzimodzi mpaka kuyera, umadumphadumpha, kuti chaka chamawa malowo adzakulandirenso. Ine tsiku limenelo lamuloli ndinalisiya ku Dedza. Mumtima ndinati, kuno n'kwa azungu, izi sadya, ndipo ndani akudziwa ngati ndidzapondenso pano? Ndinatulutsa supuni imene ndinabwera nayo yodyera mpunga wanga, ndinathyola kamtengo, n'kuyamba.

Timbatatato tinali pansi kwambiri, dzanja lonse kulowa. Titatuluka tinali toyera, totalika ngati dzino la galu. Chikande chenicheni n'chobulungira. Pamenepo ndikanadziwa, koma njala ya kwanu imatseka maso. Ndinakumba, ndinakumba, maenje osakwirira, masamba ndikungotaya. Pamene kamtsinje kena kankathira mu waukuluwo ndinapeza kadera kakang'ono, kukula kwake ngati mphasa imodzi, ka maluwa omwewo koma oyera. Ndinati, oyerawa ndiye okoma. Ndinakumbanso pamenepo mpaka mpango wanga unadzaza.

Limodzi loyera ndinalizula bwinobwino lathunthu. Ndinkafuna kulitumiza m'kalata kwa mayi anga kuti andiuze ngati chinalidi chikande. Iwo ankati ukafuna kufunsa za chomera usabwere ndi tsamba lokha, bwera ndi muzu, tsamba ndi duwa. Ndinaliyala mu nyuzipepala ya a Kalinde n'kuliika pansi pa matiresi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita ndi mpango wanga ku Landover. Amake Chanda anatembenuza kambatata kamodzi m'manja. "Mwandi, ivi si chikanda ivi."

"N'cha kuno. Ngakhale nkhuku za kuno sizifanana ndi zakwathu."

Naye anali ndi njala yomweyo, sanalimbelimbe. Tinasinja ndi botolo, tinathira nsinjiro, soda m'malo mwa chidulo, tinatakasa mpaka mikono kuwawa. Kulimba ayi. Chinangokhala phala lotuwa. Tinayang'anana, tinati mtedza wathu usapite pachabe, tinadya. Dzuwa lisanapendeke tinali tikusinthana pakhomo la chimbudzi ngati pamzere wa kuchigayo. Eee, seka, Tadala. Tinasanza mpaka tinaona makolo athu akutikodola.

Amake Chanda poti ndi wa kuchipatala, mantha anamugwira. "Nanga ngati ni poizoni yamene ipaya pang'onopang'ono? Kuli muzungu wina, amai bake banagona mu wodi yathu. Asunga vimasamba vouma ku yunivesite. Tiyende na cija unabisa ku matiresi."

Kuti tipeze tsiku limene tonse awiri tinali omasuka panapita milungu ingapo. Mzunguyo dzina lake anali Helen. Wamtali, imvi zayamba, atavala nsapato zachimuna. Ndinayang'ana zikhadabo zake, zinali ndi dothi ngati zanga. Ndinati uyu tigwirizana.

Anatitsitsira m'chipinda cha pansi, chodzaza makabati achitsulo, fungo la mankhwala a njenjete lili guu. Anatsegula kabati imodzi. Munali mapepala olimba osanjikizana, ndipo pepala lililonse lili ndi chomera chouma chomatidwa, china chosokereredwa ndi ulusi. Ndinakodola Amake Chanda. "Tafunsa, mfutso wonsewu amaphika liti?"

Atamumasulira, Mayi Helen anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anationetsa ntchito yake, Amake Chanda akundimasulira. Akatola chomera kuthengo amachiyala mu nyuzipepala, n'kuchipanikiza pakati pa matabwa awiri omanga ndi malamba, n'kumasintha mapepalawo mpaka chiume. Akatero amachimata papepala lolimba. Koma mtima wa ntchitoyo, anatero, ndi kapepala kakang'ono ka pakona. Pamenepo amalemba dzina la chomera, malo amene chinamera, nthaka yake, tsiku, ndi dzina la wotola. Anatulutsa lina lachikasu ndi ukalamba, limene analandira kwa akale. "Amene anatola ichi anamwalira kalekale. Pamalo pamene anachipeza pano amaimikapo magalimoto. Koma chifukwa cha pepala ili tikudziwa kuti chinalipo."

Ndiye ndinatambasula nyuzipepala yanga patebulo.

Mayi Helen anasiya kuseka. Anawerama, anatenga galasi lokulitsa zinthu, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati tisaope, sitifa, timbatatato timangosanzitsa munthu akadya tambiri. Anati duwali ena amalitcha kakombo wa mwana wa gwape, chifukwa cha mawanga a masamba ake. Limakonda m'mbali mwa mitsinje, pansi pa mitengo yothothoka masamba, m'nthaka imene madzi osefukira amasiya. Achikasu ndi ambiri. Koma oyera m'dera lino ndi osowa. Iye anali atawaona malo ochepa okha, kufupi ndi mtsinje waukulu, ndipo kumbali ya kumene ine ndinkanena anali asanamvepo.

"Ndani anakuphunzitsani kutola chonchi, muzu ndi zonse?"

"Mayi anga."

"Munalipeza kuti?"

"Kumtsinje."

"Mtsinje uti?"

"Wa kumunsi kwa khola lofiira."

Anadikira kuti ndipitirize. Ine ndinali nditamaliza. Anaika dzanja pambali pa duwalo n'kunena motsitsa mawu kuti popanda malo ake sangalilembere kapepala, ndipo popanda kapepala ndi udzu wouma chabe. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa. "Oyerawo anatsala ambiri bwanji?"

Amake Chanda anandiponda phazi pansi pa tebulo. Koma ine ndinanena zoona. Ndinanena za supuni, za mpango, za maenje osakwirira.

Anavula magalasi. Anati mbewu ya duwali ikamera imatulutsa tsamba limodzi lokha, chaka ndi chaka, kambatata kakumira pansi pang'onopang'ono. Mwana wobadwa tsiku limene yamera amatha kuyamba sukulu iyo isanachite duwa. Likadzatulutsa masamba awiri ndiye lakula. Kadera kangati mphasa kaja mwina kanayamba agogo ake asanabadwe. Sanandikalipire, ana inu. Bola akanandikalipira. Ine mwana wa mayi anga, wodziwa lamulo, ndinachita zimene kwathu zimachita nguluwe.

Ndinati tiyeni tipite lero lomwe. Tinakweradi galimoto yake. Makola ofiira tinapeza atatu, langa panalibe. Ndipo Mayi Helen anati ngakhale titafika pamalo enieniwo sitiona kanthu. Mitengo ikangovala masamba, mthunzi n'kugwa, maluwawa amafota, masamba ake n'kusungunuka, osasiya chizindikiro. Amaoneka milungu yochepa yokha pachaka. Tidikire chaka chamawa.

Madzulo ake pakhomo, ndikupakula chakudya, Bambo Kalinde ananena kuti kalata yabwera. Chaka chamawa, chisanu chikatha, mitengo ikavala, tikubwerera kumudzi.

Mwamva? Ndinatsala ndi nyengo imodzi yokha.

Kuyambira pamenepo Lachinayi silinalinso lopuma. Ndinkafuna ndipeze kholalo nyengo isanafike, kuti maluwa akadzatuluka ndidzangolunjika. Koma nthawi imeneyo n'kuti akutsegula sitima ya pansi pa nthaka ija mumaikwera ngati chikepe chanu, ndipo mabasi anawasokoneza onse. Abakha awiri aja anayamba kupita kwina. Ndinaima pamsewu kufunsa madalaivala ndi manja, kujambula khola m'mwamba, kulira ngati ng'ombe. Wina anandipatsa ndalama poganiza kuti ndine wamisala. Ndinayenda m'dzuwa lotentha lonyowa lija, lokhala ngati uli m'bafa. Ndinayenda masamba akufiira n'kugwa. Ndinayenda m'chipale chofewa, nditavala masokosi a Bambo Kalinde awiriawiri. Nsapato zinatha peyala ziwiri. Ndikakhala pakhomo ndinkangoona maenje aja ali yasaa. Ndikamasita ndinkapsereza makolala.

Tsiku lina Mayi Kalinde ananditsekera m'khitchini. "Nachisale, ndinu munthu wamkulu, sindifuna kukuchititsani manyazi. Koma kutchalitchi akuti muli ndi mwamuna ku Fairfax."

"Ndili ndi mlandu, amayi, osati mwamuna."

"Mlandu ndi ndani?"

"Ndi maluwa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bola mukanati mwamuna, ndikanadziwa chowauza anthu." Koma Lachinayi langa sanandilande, Mulungu awadalitse.

Nyengo inafika, khola ndisanalipeze. M'nyumba munali mutadzaza mabokosi, tikukulunga mbale mu nyuzipepala. Mayi Helen anaimba foni kuti achikasu ayamba kutuluka. Amake Chanda anasinthana masiku ndi mnzake wa kuntchito kuti azitiperekeza. Lachinayi loyamba tinatsikira kumtsinje wina, tinapeza achikasu okhaokha, ndipo mapazi anga anakana kuti si pano. Lachinayi lachiwiri mvula inagwa tsiku lonse, tinangozungulira m'galimoto, magalasi atachita nthunzi. Mayi Helen anaimika pambali pa msewu, anatambasula mapu ake pachiwongolero, n'kuyambanso mafunso omwe aja. Basi inakhota kumanja kapena kumanzere? Msewu unali waukulu bwanji? Panali chikwangwani chotani?

Ine zinandikwana. "Amake Chanda, muuze mzunguyu kuti ine misewu sindiidziwa. Misewu ndi ya anthu owerenga. Andifunse za madzi."

"Manje madzi yazakamba cani, iwe?"

"Iwe ungomasulira."

Ndinatseka maso n'kuyamba. Potsika kuchokera kukhola dzuwa la m'mawa linali kumaso kwanga, ndipo madzi ankapita komwe ndinkapita ine. Miyala yake yakuda, yoterera. Mitengo ya m'mbali ya makungwa oyera osupukasupuka ngati munthu wa zikanga. Mchenga watsopano pamwamba pa masamba akale, kusonyeza kuti madzi amasefukira. Kamtsinje kakang'ono kanabwera kuchokera kudzanja lamanzere, madzi ake oyera kuposa a waukuluwo, ozizira, ndinamwako. Ndipo ndili mkati mokumba sitima ya pamtunda inalira kamodzi, kudzanja lamanja, osati patali.

Nditatsegula maso ndinapeza Mayi Helen ataponya mapu a misewu kumpando wa kumbuyo. Anatulutsa ena, okhala ndi timizere tobiriwira ngati misempha ya padzanja la nkhalamba. Anayendetsa chala nthawi yaitali. Anati malo amene mitsinje iwiri imakumana chotero pafupi ndi njanji alipo atatu. Sitidzafunanso khola. Tidzayambira kumadzi n'kumakwera.

Lachinayi lachitatu ndilo linali lomaliza, chifukwa mitengo inali itayamba kale kuchita mthunzi, ndipo mlungu wotsatira unali wotsanzikana ndi anthu. Tinalawirira. Malo oyamba miyala inali yofiira, ndinakana tisanatsike n'komwe. Achiwiri tinasiya galimoto pamlatho n'kuyamba kukwera m'mbali mwa madzi, Mayi Helen patsogolo, Amake Chanda pambuyo akutukwana matope, poti anabwera ndi nsapato zake zoyera za kuchipatala. Tinayenda, tinayenda. Kenako ndinangozindikira kuti ndadutsa Mayi Helen, ndikuthamanga. Ndinaona mwala umene ndinakhalapo podya mpunga.

Ndinayang'ana kumtunda. Khola kunalibe. Nkhalango ya kumtunda nayonso kunalibe. Kunali dothi lofiira lokhalokha, zikatapila ziwiri zikubangula, ndi zikhomo zomangiriridwa tinsalu tofiira zikutsika motsetsereka kulunjika kumtsinje. N'chifukwa chake chaka chonse sindinalipeze. Ndinkasaka chinthu chimene anali atagwetsa kale.

Maenje anga analipo, atadzaza masamba ovunda, ndinkawamva ndi phazi. Pa achikasu panali timasamba timodzitimodzi tambiri, ana amene supuni yanga inawaphonya. Ndinapitirira mpaka pokumana mitsinje. Ndinagwada.

Anayi. Maluwa oyera anayi, atazolika mitu, ndi timasamba tina tochepa pambali.

Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Sindikudziwa ngati ndinkaseka kapena kulira. Amake Chanda anafika akupuma mwawefuwefu, anagwira m'chiuno. "Manje ndiye ivi vinatisanzisa? Tuntu tung'ono so?"

Mayi Helen anatulutsa kabuku. Anawerenga mapazi kuchokera pokumana mitsinje kufika pa maluwawo. Anafinya dothi m'zala, analemba. Anayang'ana mitengo yozungulira, analemba. Anawerenga maluwa ndi timasamba tomwe. Ndinamufunsa ngati azule lina latsopano, poti langa linali lopindika tsamba. Anati ayi, limodzi lakwana, ndipo pano palibenso chozula.

Kenako anati, "Dzina lanu lonse ndani? La pakapepala."

"Muuze alembe lake. Ine ndine wakuba pano."

Amake Chanda anamasulira, anamvetsera yankho, n'kutembenukira kwa ine. "Akuti pepala siikamba kuti muntu ni wabwino olo woipa. Ikamba cabe kuti ni ndani, ni kuti, ni liti. Akalemba zina yake ninshi ni boza."

Ndinatchula. Esnati Nachisale. Anandibwerezetsa katatu kuti alembe bwino.

Iye akulemba, ine ndinayamba kukwirira maenje aja ndi manja, limodzilimodzi, n'kumaphimba ndi masamba monga ankachitira mayi anga. Chinali chaka chathunthu mochedwa, koma ndinakwirira onse. Chikhomo chomaliza cha kansalu kofiira chinali mapazi asanu kuchokera pa maluwa oyerawo. Mayi Helen anachiyang'ana n'kunena kuti tsopano poti malo akudziwika, alembera makalata akuluakulu oona za malo, apemphe kuti mphepete mwa mtsinjemo asiyemo. Ndinakwera ndege ndi mawu amenewo.

Kumudzi ndinakhala zaka zingapo, ndikulima, ndikukumba chikande chenicheni motsata lamulo. Nditawafotokozera mayi anga anangoti, "Chikande cha dzino la galu unachionapo kuti, chitsiru iwe?" Kenako amayi anu anakwatiwa, bambo anu anapeza ntchito kubanki kuno, ndipo m'zaka za m'ma 1980, Tadala ali m'mimba, anandiitana. Chisanu choyamba chitangotha ndinauza amayi anu kuti asake Mayi Helen. Anatitenga pagalimoto yomwe ija, itakalamba ngati mwini wake.

Mayi Helen anaimika pakamsewu kozungulira, pakati pa nyumba zofanana ngati mazira, kapinga wometedwa bwino. Anawerenga mapazi kuchokera pachitsulo cha ngalande n'kuima pakhomo la garaji ya munthu. Oyera aja anali pamenepo. Kamtsinje ka madzi ozizira kaja omanga nyumba anakalowetsa m'paipi, ndinkakamva kakulira pansi pa msewu. Makalata analemba, anati, kangapo konse. Anamuyankha mwaulemu.

Ndinamufunsa kudzera mwa amayi anu funso limene ndinayenda nalo zaka zonsezo. "Ndikanapanda kukumba, akuluakulu aja akanawapeza ali ambiri, mphasa yathunthu, kodi akanawasiya?"

Mzungu uja sankadziwa kunama ngakhale pofuna kutonthoza munthu. Anati, "Sindikudziwa. Mwina. Koma mukanapanda kukumba, palibe akanadziwa kuti analipo."

Mayankho awiriwo ndinawatenga onse, ndipo mpaka lero sindinasankhe.

Tsono mufuna kudziwa kuti anthu aja anathera kuti. Bambo Kalinde anapuma pantchito n'kutsegula chigayo ku Ntcheu, anamwalira komweko. Mayi Kalinde alipo, maso anachita khungu, koma akamva mawu anga pafoni amafunsabe kuti, "Mwamuna wa ku Fairfax uja ali bwanji?" Mayi anga anagona chaka chimene Kevin anabadwa, duwa lawo la m'kalata sanalilandire. Amake Chanda anabwerera ku Lusaka, anakamanga nyumba ya zipinda zinayi, ndipo mpaka imfa yake chikanda sanachilawenso, ngakhale chenicheni, ankati akangochiona m'mimba mumatembenuka. Mayi Helen anasamukira kwa mchemwali wake kumapiri, miyendo itayamba kukana, makiyi a makabati anasiyira ena. M'kalata yake yomaliza anakumbukira kulemba dzina langa molondola.

Achikasu alipobe, kumunsi kwa mlatho uja, kuseri kwa mpanda, mlungu uno ayenera kuti atuluka. Oyera a pokumana mitsinje latsala limodzi. Lili m'kabati yachitsulo, tsamba lake lopindika, malo ake olembedwa pakona. Ndi lija ndinazula ine.